A Napenti ndi Chithunzithunzi Chomwe Anaiwala

Loweruka lapitali tinakaona chiliza cha mayi Agata, omwe dera lonse la Milepa linkawadziwa ndi dzina loti a Napenti. Chatha chaka chigonereni iwo. Ana awo ayesetsa ndithu, chiliza ndi cha matailosi, chonyezimira, koma abale, chakuda bii! Nditangochiona ndinaseka, anthu n'kunditembenukira ngati ndapenga. Ndinaseka chifukwa mayi amene aja moyo wawo wonse ankadana ndi mtundu wakuda. Ankati ndi mtundu wa anthu aulesi, omwe safuna kuyang'anitsitsa chinthu kuti aone mitundu yobisala m'kati mwake. Chikanakhala chojambula changa, akanandiuza kuti ndifute ndiyambirenso.

Ine ntchito yanga ndi yojambula makatuni. Kwa zaka zingapo ine ndi iwo tinkapanga timabuku ta nkhani za zithunzi, tomwe kabungwe kena ka ku Limbe kankagawa m'masukulu: ta kusamba m'manja, ta kolera, ta atsikana osiyira sukulu panjira. Ine ndinkajambula mizere ndi inki kwathu ku Mbombwe n'kukwera kabaza kukawapatsa mapepala. Iwo ankawalowetsa mu laputopu n'kumapaka mitundu. Ndikulemba za iwo chifukwa anthu ayamba kale kuwakumbukira mokhota. Ena akuti anali ndi zitsamba, ena akuti anatsala pang'ono kuphetsa mnzawo wa paubwana, a Elube ogulitsa kalongonda. Za zitsambazo ndi bodza. Za a Elube ndi zoona, ndipo ndinalipo.

Chipinda chomwe ankagwiriramo ntchito anachitseka zenera ndi bulangete, ati dzuwa limanamiza mitundu pa galasi la kompyuta. Ukalowa masana, kunja dzuwa likuswa mtengo, unkapeza mdima wa ndiweyani, n'kuona nkhope yawo yokha ikuwala, magalasi ali pamphuno, dzanja likuyenda pa kabolodi kojambulira ndi cholembera chopanda inki. Nthawi zambiri unkawamva akuyankhula motsitsa, koma muli okha. Ana a m'mudzi ankadutsa pakhomopo chothamanga. Ineyo, munthu wamkulu wa ndevu zanga, ndinkayamba ndatsokomola panja kuti ndimve mawu a munthu ndisanalowe.

Ntchito yopaka mitundu pa kompyuta imayenda ndi maleya. Ali ngati mapepala apulasitiki oonekera m'kati, osanjikizana: lina la mizere, lina la mitundu, lina la zithunzithunzi, lina la kuwala. Lililonse ukhoza kulizimitsa palokha, enawo n'kutsala. Tsiku loyamba kundionetsa zimenezi anandikhazika pampando nati, “Bambo a Tamanda, taonani anthu anu aja.” Anadina kamodzi, mizere yanga yonse zii. Pagalasi panatsala zigamba za mitundu zitaima ngati anthu, zovala zilipo, manja alipo, koma zopanda maso, zopanda pakamwa, zonse zitatembenukira kwa ine. 

“Bwezeretsani, mayi,” ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. “Iii, mwamuna wamkulu kuopa penti! Ine ndimakhala nawo choncho tsiku lonse.”

Penti anayamba kuigwira ali mtsikana, m'chipinda chosindikizira mabuku cha pa mishoni, pomwe ankapaka ndi kabulashi mikanjo ya oyera mtima pa timakadi ta katekisimu. Atakwatiwa ankalemba zikwangwani za masitolo ndi zigayo, ndipo m'pomwe dzina la Napenti linachokera. Laputopu inabwera mochedwa, imvi zili mbuu, dzanja litayamba kunjenjemera. Mwana wawo wa ku Blantyre anawagulira ya kaunjika, ndi sola yake, poganiza kuti azioneramo makwaya. Iwo anaisandutsa khasu. Chomwe anachikonda kwambiri ndi batani lobwezera m'mbuyo ukalakwitsa. Ankati Mulungu akanatipatsa anthufe batani limeneli, mabanja ambiri a ku Chiradzulu kuno akanakhala alipobe.

Tinkayambana kwambiri, ndipo mlandu wake unali umodzi: mizere yanga. Gawo loyamba la ntchito yawo ankalitcha kuyala. Malaya mtundu wake, khungu mtundu wake, nthaka mtundu wake, wathyathyathya, wopanda mdima kapena kuwala. Ankadzaza ndi kandowa ka pa kompyuta, kamene kamathira mtundu mpaka pomwe mzere watsekera. Tsono ine dzanja langa ndi lothamanga, ndimasiya timipata. Pakakhala kampata ngakhale kang'ono ngati nsonga ya singano pa chigongono cha munthu, mtundu wa khungu lake unkatulukira pomwepo n'kudzaza tsamba lonse, mitengo, nyumba, thambo, zonse kusanduka khungu. Zikatero ankandiimbira foni osapereka ndi moni womwe.

“Bambo a Tamanda, munthu wanu watayika.”

“Tsekani nokha, mayi, ndi kampata chabe.”

“Ine ndine wosoka mitembo yanu? Mudzabwere mudzatseke.”

Akapsa mtima kwenikweni ankasiya Chinyanja n'kulowa Chilomwe cha agogo awo, ndipo pamenepo ndinkangokwera kabaza.

Akatha kuyala ankaika kadontho kachikasu pakona pa tsamba, kuti ndiye dzuwa, ndipo ankandifunsa kuti pa tsamba limenelo nthawi ili bwanji. Ndikati sindikudziwa, ankati ndiye kuti nkhani yanga sindikuidziwanso. Zithunzithunzi zonse zinkathawa kadonthoko. Ankazipaka pa leya yakeyake, yomwe imadetsa zapansi pake popanda kuzibisa, ndipo mtundu wake sunali wakuda, unali wa khungu la biringanya wosungunula. Khungu la anthu ankalisamala koposa. Ankanyansidwa ndi mabuku ochokera kunja omwe amapaka Amalawi onse mtundu umodzi ngati mabenchi a m'tchalitchi. Kwa iwo wina anali wa mtundu wa mtedza wokazinga, wina wa dothi la pachulu mvula itagwa, wina pamphumi pake pankaoneka kabuluu ka thambo. Chomaliza chinali kadontho koyera m'diso. Asanakaike ankati anthuwo ndi maliro, ndipo akangokaika ankanena motsitsa kuti, “Takulandirani.” Amenewo ndiwo mawu omwe ana ankamva podutsa.

Lamulo lawo lalikulu linali loti munthu wojambulidwa asatuluke m'nyumba mwawo wopanda chithunzithunzi pansi pa mapazi. Ankati chithunzithunzi ndicho chimamangirira munthu pa nthaka, ndipo woyenda wopanda icho tonse timamudziwa dzina lake, ndi mzukwa. Lamulo limeneli analiphwanya kamodzi kokha.

A Elube anali mnzawo kuyambira pa ubatizo. Anali amasiye, opanda mwana wamoyo, ndipo ankagulitsa kalongonda wophika pa kamsika ka m'mbali mwa msewu kufupi ndi Milepa. Kalongonda ndi nyemba zathu za Chilomwe zija, zomwe ukaziphika mothamanga zimaledzeretsa ngakhale kupha kumene, ndiye wogulitsa amadalira kuti anthu azimukhulupirira. A Elube anali a nthabwala. Nthawi zonse ankawanyogodola anzawo kuti amajambula anthu abodza okhaokha, pomwe anthu okongola ali pompano. Tsono pomwe tinkamaliza kabuku ka kolera, a Napenti anandiuza kuti ndiwajambule a Elube papepala lapadera, ndi kachipsera kawo ka patsaya, ndi duku lawo la madontho, kuti awadzidzimutse. Tsamba lokhala ndi khamu la anthu linali limodzi lokha, la maliro a mwana yemwe m'nkhanimo anamwalira ndi kolera. Anawaika pamenepo, kumapeto kwa mzere wa amayi.

Tsambalo linali litatha kale, zithunzithunzi za anthu onse zitapakidwa. A Elube analowa pa leya yatsopano pamwamba pa zonse. A Napenti anawayala mitundu, anawaika kadontho m'diso, anawalandira. Kunja kunali mitambo ya masiku angapo, sola inali itafooka, laputopu ikulira kuti izima, a ku Limbe akuimba foni kuti osindikiza akudikira. Anatumiza osabwerera ku leya ya zithunzithunzi. Kuthamanga sikufika, ankatero iwo omwe kwa ine chaka ndi chaka.

Oyamba kuona anali ana a sukulu. Pa maliro a m'bukumo aliyense anali ndi chithunzithunzi chake chogwera kumanja, koma mayi wa duku la madontho analibe, anangoti lende pamwamba pa dothi, akuyang'ana wowerenga. Kabukuko kanachoka m'manja mwa ana n'kulowa m'manja mwa akulu. Palibe anati wopaka waiwala. Anthu ankati kompyuta ndi makina, makina saiwala ndipo sanama, aona chomwe maso athu amalephera kuona. Nkhaniyi inkayenda chapansipansi, ife osadziwa kanthu. Kenako, mwezi wa Febuluwale, kamwana ka Waisoni wa kabaza kanatsegula m'mimba n'kumwalira, ndipo wina anakumbukira kuti mayi ake anagula kalongonda kwa a Elube sabata yomweyo.

Tsiku lotsatira maliro ndinali kwa a Napenti, tikukangana za tsamba lina, pomwe mayi wina woyandikana nawo analowa osaodira, ali wefuwefu. Anati a Elube awagwira pamsika chifukwa cha buku lathu. A Napenti anatsegula tsamba la maliro pa laputopu, analiyang'ana, n'kugwira pakamwa. “Mayo ine, ndamupha Elube,” anatero. Anatuluka opanda nsapato.

Titafika tinapeza a Elube ataimikidwa pakati pa msewu, okhaokha, poto wawo atagubuduzika, kalongonda ali mbwee m'matope. Anthu anali atadzaza m'makhonde a masitolo ndi pansi pa mtengo wa mango, ambiri atagwira miyala ndi zidutswa za njerwa. Anawaimika padzuwa kuti aone ngati bukulo likunena zoona. Tsoka lake, inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo mwezi umenewo dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni. Chithunzithunzi cha munthu chimalowa pansi pa mapazi ake, ndipo a Elube chitenje chawo chinali chofika pansi. Pa dothi panalibe kanthu.

“Palibe! Mwaona nokha, palibe!” ankakuwa Waisoni, kabuku kali m'manja, maso ali psuu.

A Napenti anadutsa pakati pa anthu n'kukaima phewa ndi phewa ndi mnzawo.

“Waisoni mwanangu, pepa ndi maliro,” anatero. “Buku limenelo ndinapaka ndine. Ndinaiwala ndine, ndi dzanja ili. Tayang'ana pansi panga, nanenso ndilibe. Ukafuna kugenda yamba ine.”

“Makina saiwala, mayi! Musatipusitse!”

“Ndiye tidikire dzuwa lipendeke. Likapendeka chithunzithunzi osaoneka, chitani zomwe mwabwerera.”

Ine ndinaganiza zothandiza. Ndinakuwa kuti aliyense atuluke padzuwa adziyang'ane yekha. Mayi wina wogulitsa tomato anatulukadi, anayang'ana kumapazi kwake, anatembenuka uku ndi uku, kenako anakuwa mokweza, “Mayo! Andichotsera nanenso!” Anathawira m'khonde akudzipapasa thupi lonse. Khamu lonse linabwerera m'mbuyo, amayi akukokera ana awo mumthunzi. Kuyambira pamenepo panalibe wofuna kuponda padzuwa, ndipo ndikhulupirira kuti mantha amenewo ndiwo anagwira manja a anthu.  Ndinaimbira apolisi, anati galimoto yapita kwina. Ndinabwereka ambulera kuti ndiwafunditse amayi awiriwo, poti thukuta linali kamukamu, koma a Napenti anandikalipira.

“Chotsani chimenecho! Mukufuna mutiphetse?”

Ndinachita mantha tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Amayi awiri okalamba ataima pakati pa msewu, khamu likuyang'ana mapazi awo. A Elube ankanena Tikuoneni Maria. A Napenti sankayang'ana anthu, ankayang'ana kumwamba, ndipo nditatsatira maso awo ndinaona chomwe ankaopa. Kuchokera mbali ya ku Mulanje kunkabwera chimtambo cha mvula.

Kachithunzithunzi kanali katangoyamba kusuzumira m'mphepete mwa chitenje pomwe mtambo unaphimba dzuwa. Dziko lonse linachita mbuu, ndipo kaja kanazimiririka. Wina kumbuyo anakuwa kuti azimitsa dzuwa. Chidutswa cha njerwa chinauluka n'kuwamenya a Napenti pamwamba pa khutu, magalasi n'kugwa. Magazi anatsikira m'khosi. Sanagwe, anangogwira dzanja la a Elube.

“Usakhale pansi, Elube,” ndinawamva akutero. “Ukakhala pansi sachiona bwino.”

Sindikudziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji. Kunawaza timadontho, mphepo inauluza mapepala a pamsika, agalu okha ndiwo ankayendayenda pamsewu. Kenako mtambo unang'ambika cha kumadzulo, dzuwa linatulukira litapendeka, ndipo pa dothi lonyowa panagona zithunzithunzi ziwiri, zazitali bwino, zogwirana manja.

“Kweza dzanja linalo,” anatero a Napenti.

A Elube anakweza, ndipo cha pansicho chinakwezanso. Ndinamva miyala ikugwa m'makhonde, umodzi umodzi. Waisoni anakhala pansi m'matope n'kuyamba kulira mwana wake, kulira kwenikweni komwe sanalire kumanda. Anthu anabalalika mwakachetechete, aliyense akuyang'ana chake chomwe chinkamutsata. Palibe ndi mmodzi yemwe anapepesa.

Pa laputopu cholakwikacho anachikonza madzulo omwewo, bala lisanamangidwe n'komwe, ndipo sichinatenge nthawi yoti madzi n'kuwira. Koma timabuku tinali titagawidwa kale, ndipo pepala losindikizidwa lilibe batani lobwezera. Anafukula kabulashi kawo ka ku mishoni, anasungunula penti wa mtundu wa biringanya m'kabotolo, n'kuyamba kuyenda sukulu ndi sukulu pa kabaza, mpaka ku Nchema, kupempha aphunzitsi kuti asonkhanitse timabuku. Ankakhala pakhonde la kalasi n'kumapaka chithunzithunzi pansi pa a Elube, kabuku ndi kabuku. Ndinawauza kuti kungong'amba tsambalo n'kosavuta. Anandiyang'ana ngati ndatukwana, nati munthu samung'amba, amamumaliza. Timabukuto sanatipeze tonse. Tina tinapita ndi ana osamuka, tina tinakulungidwa usipa, tina anthu anatibisa dala.

A Elube sanawayankhule anzawo kwa miyezi. Anabwerera pamsika chifukwa kunalibe kwina kopezera chakudya, koma kalongonda wawo panalibe womugula. Tsono a Napenti anasintha kagwiridwe ka ntchito. Tsiku lililonse la msika ankatseka laputopu dzuwa likamakwera, n'kupita kukakhala pa chidutswa cha buloko ya simenti pambali pa poto wa a Elube. Ankagula mbale imodzi n'kumadya pang'onopang'ono, poyera, akupereka moni kwa aliyense wodutsa pomutchula dzina. A Elube ankawafulatira. Iwo ankakhalabe mpaka dzuwa litapendeka, n'kubwerera kwawo. Ndinawadandaulira kuti ntchito ikuchedwa, a ku Limbe akulusa. Anandiyankha kuti anthu amakhulupirira zomwe anaona madzulo mpaka masana otsatira basi, ndiye masana aliwonse pamafunika wina woima naye.

Tsiku lina ndinawapeza akuseka awiriwo, a Elube akuwanena kuti pa anthu onse a m'dziko anasankha kuwaika pa maliro, osati pa ukwati. Ogula anabwerera pang'onopang'ono, ngakhale Waisoni sanadutsenso mbali imeneyo. A Napenti anakhala pa buloko ija zaka zonse zomwe zinawatsalira. Chibayo chitawagwira chaka chatha, anapitabe kumsika kawiri akutsokomola, ulendo wachitatu anakagonekedwa kuchipatala, ndipo sanabwereko.

Lolemba, pobwerera ku Mbombwe, ndinamuuza wa kabaza kuti aime pa kamsika kaja. Ndinapeza a Elube ali pamalo pawo, atakalamba kwambiri chaka chimodzi chokhachi. Ndinagula mbale, tinacheza za chiliza, za mvula yomwe ikuchedwa. Pocheza ndinaona kuti maso awo sakukhazikika pa ine, akungotsikira kumapazi kwawo. Dzuwa la Okutobala linkakwera, chithunzithunzi chawo chikufupika, chikulowa pansi pa chitenje. Mwadzidzidzi anavundikira poto, anamumanga m'nsalu n'kusenza.

“Mayi, kalongonda sanathe, ndipo anthu a nkhomaliro ndi amene akubwerawa,” ndinatero.

“Dzuwa lakwera, bambo,” anayankha. “Woima nane kulibe.”

Anapita chodutsa m'makhonde a masitolo, osaponda pamsewu. Ndinatsala ndi mbale m'manja. Buloko ija ilipobe, yasalala pamwamba chifukwa chokhalidwa, ndipo m'mabowo mwake mwamera kaudzu. Ogulitsa tomato saikapo dengu, a kabaza satsamiritsapo njinga, ana sakhalapo, koma palibenso woichotsa. Pambali pake pali bwalo la dothi louma pomwe pamakhala poto. Anthu obwera kudzagula ankafika, n'kuyang'ana malo awiriwo, n'kulambalala. Ndinaima pomwepo padzuwa mpaka wa kabaza anandiitana kuti tizipita.